Takwera kapena tatsika? Tiyeza bwanji makomo athu kuno ku Joni

Mlembi_Turffontein
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawanitsa mu komiti ya bungwe lathu la maliro. Chopereka cha pamwezi tinachikhazikitsa mu 2019 ndipo sichinasinthe mpaka lero, pomwe mtengo wotumizira thupi kumudzi wakwera zedi. Ena akuti tikweze kwa aliyense mofanana chifukwa malipiro nawonso anakwera. Ena akuti ayi, akwera ndi anthu ochepa, ambiri atsika, choncho opezako bwino azipereka zochulukirapo. Vuto ndi loti aliyense akungolankhula za m'mutu mwake. Amene wagula galimoto akuti zinthu zikuyenda, amene wapirikitsidwa m'nyumba ndi alandilodi akuti dziko latha. Kodi pali njira yoyezera ngati makomo athu akwera kapena atsika kuchokera 2019, komanso ngati mpata pakati pa ife tokhatokha wakula? Nanga aboma amayeza bwanji? Mabuku a bungwe ndili nawo, koma amangoonetsa amene wapereka ndi amene ali ndi ngongole.

Aise_wa_Diepsloot
Palibe choyeza apa a mlembi. Kalowe mu shopu mukafunse mtengo wa mafuta ophikira, mubwere mudzatiuze.

Telala_Mayfair
Aise, mtengo wa mafuta pawokha sukutiuza kanthu. Uone kaye zimene zikulowa m'thumba. Pamene lamulo la malipiro ochepetsetsa linkayamba mu January 2019, munthu ankayenera kulandira R20 pa ola, wogwira ntchito ya m'nyumba R15. Mu 2022 a m'nyumba anawafananitsa ndi ena onse, ndipo mu March 2025 aliyense anafika R28.79 pa ola. Azimayi athu ambiri ali m'makhitchini a azungu ndi amwenye, ndiye malipiro awo atsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mukakana kukweza chopereka mukane ndi chifukwa china.

MayiWaAtatu_Cosmo
Achimwene a ku Mayfair, inu mumasoka zovala, za m'khitchini tisiyireni eni ake. Malipiro a pa ola anakwera, inde, koma madona anadula masiku. Tengani munthu amene mu 2019 ankagwira masiku asanu pa sabata, maola 8 pa tsiku, pa R15. Ankatuluka ndi R600. Lero dona yemweyo akumuuza kuti azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi chifukwa iyenso akugwirira ntchito kunyumba. Masiku awiri pa R28.79 ndi R460. Pamenepo sitinachotse ya takisi, ndipo tikunena dona amene amatsata lamulo. Amene alibe mapepala amalandira zimene wapatsidwa, kukadandaula amaopa.

Telala_Mayfair
Si onse anadulidwa masiku amayi.

MayiWaAtatu_Cosmo
Si onsenso anakwezedwa. N'chifukwa chake a mlembi akufunsa.

WaZiwerengero
A mlembi, mwafunsa zinthu ziwiri, ndipo mayankho ake akhoza kusemphana. Choyamba n'choti kodi anthu akusauka kapena ayi. Chachiwiri n'choti kodi mpata pakati pa wapamwamba ndi wapansi ukukula. Zimatheka aliyense kukwera koma mpata n'kukula. Zimathekanso onse kutsika, mpata n'kuchepa.

Pa umphawi, a Stats SA, ofesi ya boma ya ziwerengero kuno ku South Africa, amaika mlingo. Amawerengera ndalama zimene munthu mmodzi angafune pamwezi kuti agule chakudya chongokwanira kumupatsa mphamvu. Mu 2021 zinali R624, mu 2023 zinali R760, mu 2024 zinafika R796. Palinso mlingo wapamwamba wophatikiza chakudya ndi zofunika zina, umene mu 2024 unali R1 634. Taonani kuti mlingowu amaukweza chaka ndi chaka potsatira mitengo ya zinthu. Popanda kutero simungafanizire zaka ziwiri, chifukwa R500 ya 2019 si R500 ya lero. Akatero amatenga ndalama zonse zimene khomo lagwiritsa ntchito pamwezi n'kuzigawa ndi chiwerengero cha anthu apakhomopo. Zikakhala pansi pa mlingo, khomolo ndi losauka. Pa mlingo wapamwambawo, osauka anali 66.6 peresenti ya anthu mu 2006, anatsika kufika 53.2 mu 2011, n'kukweranso kufika 55.5 mu 2015.

Pa mpata amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa Gini, dzina la Corrado Gini wa ku Italy amene anaiyambitsa mu 1912. Imayenda kuchoka pa 0 kufika pa 1. Ikakhala 0 ndiye kuti aliyense ali ndi zofanana, ikakhala 1 ndiye kuti zonse zili ndi munthu mmodzi. South Africa inali pa 0.67 mu 2006 ndi 0.65 mu 2015, tinene kuti sinasunthe. Lipoti la World Bank la 2022 linaiika pamwamba penipeni pa mayiko 164 amene anawayeza.

Aise_wa_Diepsloot
Zaka zonsezo kusukulu kuti mutiuze zimene aliyense amaona akaima pa M1, Sandton uku Alexandra uku?

WaZiwerengero
Maso akuuzani kuti mpata ulipo. Sakuuzani ngati chaka chino wakula kapena wachepa. A mlembi akufuna chachiwirichi.

Nachisale_Yeoville
Nanga kwathu ili pa chiyani nambala imeneyi?

WaZiwerengero
Kwathu amayeza ndi a NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba, kudzera mu kafukufuku wa m'makomo wotchedwa IHS. Gini inali 0.39 mu 2004/05, inakwera kufika 0.45 mu 2010/11, kenako inatsika kufika cha m'ma 0.38 mu 2019/20. Umphawi wokha uli ngati unakhomedwa: 52.4 peresenti mu 2004/05, 50.7 mu 2010/11, 51.5 mu 2016/17, ndipo mu 2019/20 unabwereranso cha pa 50.7 pomwepo.

Zaka za pakati pa 2005 ndi 2010 ndi zofunika kuziyang'anitsitsa. Inali nthawi ya Bingu ndi makuponi a feteleza, chuma chinkakula chaka chilichonse, chimanga chinalipo. Aliyense ankayembekeza kuti kafukufuku wa 2010/11 aonetsa umphawi utagwa. Atatuluka, umphawi unali utangotsika pang'ono, osaukitsitsa anali atachuluka makamaka kumudzi, ndipo mpata unali utakula. A Oxfam m'lipoti lawo la 2015 anawerengera kuti 10 peresenti ya olemera inkagwiritsa ntchito chuma kuwirikiza ka 22 poyerekeza ndi 10 peresenti ya osaukitsitsa mu 2004, koma pofika 2011 kunali kuwirikiza ka 34. Dziko linakwera, ambiri mwa eni dziko anatsalira pomwepo.

Nachisale_Yeoville
Ndiye kuti kwathu kuli bwino kuposa kuno? 0.38 ndi 0.65 n'zotalikana, osaukanso kuno achuluka.

Tchona_wa_Tembisa
Kukanakhala bwino bwenzi mabasi a pa Park Station akudzaza popita, osati pobwera. Kwathu timafanana chifukwa tonse tilibe, mwana wanga.

WaZiwerengero
Madala anena zoona. Komanso 55 ya kuno ndi 51 ya kwathu musazifanizire, achemwali. Dziko lililonse lili ndi mlingo wake. Wa kuno ndi wokwera kwambiri, moti ambiri amene kuno amalembedwa kuti ndi osauka, pa mlingo wa ku Zomba sakanalembedwa.

Tchona_wa_Tembisa
Koma inu ana a masiku ano mumavutika ndi manambala. Nthawi ya Theba ndi Wenela, mabungwe olemba anthu ntchito za ku migodi, panalibe wofunsa kuti wakwera kapena watsika. Malume anga atabwera kuchokera ku migodi, mudzi wonse unakawachingamira pamsewu. Anatsitsa njinga, wailesi, mabulangete, makina osokera ndi bokosi lachitsulo lopaka maluwa. Chaka chomwecho nyumba inafoleredwa ndi malata. Aliyense wodutsa ankadziwa kuti khomo ili lakwera. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi opitirira 70 ochokera ku migodi, Kamuzu analetsa ulendo wa ku Joni, ndipo makomo ambiri anaima pomwe anafikapo. Ukadutsa m'midzi ina lero uona malata a nthawi imeneyo, adzimbiri, palibe anawasintha.

Kabaza_Randburg
Agogo, makina osokerawo alipo? Ndikufuna ogula. Akalewo safa.

Tchona_wa_Tembisa
Anatengedwa ndi akuchikazi pa maliro. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Telala_Mayfair
Kabaza undipeze ku inbox, ndili nawo awiri opalasa ndi phazi.

Mlembi_Turffontein
Abale, msika wa makina tsegulani kwina. Koma madala anenapo mfundo. Bwanji osangofunsa katundu amene munthu ali naye? Ndi zosavuta kusiyana ndi kufunsa malipiro.

WaZiwerengero
Njira imeneyo ilipo ndithu, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa DHS amaigwiritsa ntchito kwathu ndi mayiko ena. Amafunsa denga ndi la udzu kapena malata, pansi ndi pozira kapena pa simenti, madzi mumatunga kuti, muli ndi njinga, wailesi, foni. Kalembera wa kuno nayenso amaonetsa kusintha kotere: mu 1996 makomo pafupifupi 58 pa 100 alionse ankaunikira magetsi, mu 2022 anapitirira 94 pa 100. Kumeneko ndi kukwera kwenikweni, ngakhale Gini sanasunthe.

Koma katundu amachedwa kuulula mavuto. Munthu ntchito ikatha, firiji imakhalabe pakona miyezi ingapo, mkati muli botolo la madzi lokha. Foni nayonso inatchipa, aliyense ali nayo, sikusiyanitsanso anthu. Katundu amaonetsa kumene munthu wachokera pa zaka zambiri. Za mwezi uno sanena.

MayiWaAtatu_Cosmo
Komanso ife kuno sitigula katundu. Ndani angagule sofa m'chipinda cha kuseri chimene akhoza kukutulutsa mawa? Katundu wathu ali kumudzi. Mukalowa mwanga mupeza matiresi, sitovu ya mbale ziwiri ndi zikwama za China zitatu zosanjikiza, nsalu pamwamba, ndiye tebulo. Mukandilemba kuti ndine wosaukitsitsa, pomwe ku Balaka ndili ndi nyumba ya njerwa zootcha yongodikira mazenera.

Gadeni_wa_Fourways
Apa mpamene ine zimandisokoneza. Khomo langa ndi liti? Ndimagona ndekha ku Zandspruit. Mkazi, ana atatu ndi mayi anga ali ku Mzimba, onse akudya za m'thumba mwangamu.

WaZiwerengero
Funso limeneli ndi limene limatigwetsa ife obwera. Kwa a Stats SA, khomo ndi anthu amene amagona malo amodzi masiku osachepera anayi pa sabata ndipo amadyera pamodzi kapena kusonkherana zofunika. Ndiye inu achimwene mulembedwa khomo la munthu mmodzi. Tiyerekeze mumalandira R5 000. Pa pepala muli kutali pamwamba pa R1 634, si inu wosauka. Koma R5 000 yomweyo tikaigawa kwa anthu 6 amene akuidyadi, aliyense ndi R833, pafupi ndi mlingo wa chakudya chokha. Nakonso kugawa koteroko sikolondola kwenikweni, chifukwa asanu enawo sakulipira lendi ya ku Joni, ali ndi munda, ndipo mitengo ya ku Mzimba ndi ina. A NSO akafika ku Mzimba alemba khomo la mayi ndi ana lolandira thandizo kuchokera kunja. Khomo limodzi, mabuku awiri a mayiko awiri, ndipo palibe buku limene likuliona lathunthu.

Mbali inayo, anyamata 6 ogona chipinda chimodzi ku Hillbrow, aliyense ndi poto wake, amenewo ndi makomo 6.

Gadeni_wa_Fourways
Ndipo kwacha yandinamiza. Mu 2019 randi imodzi inkasintha cha m'ma K50. Atagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, inapitirira K90 ku banki. Kumudzi anayamba kundiona ngati bwana. Koma feteleza amene tinkagula cha m'ma K20 000 thumba anadutsa K100 000. Ndikutumiza makwacha ambiri kuposa kale, akugula matumba ochepa kuposa kale. A telala, ine mundiika pa okwera kapena otsika?

Telala_Mayfair
Inu mukulipidwa bwino achimwene, musabisale kuseri kwa feteleza.

NyaKumpoto_Rosettenville
Ine ndikutsutsana ndi kugawa ndalama mofanana pa anthu apakhomo. Ndani anakuuzani kuti pakhomo amagawana mofanana? Ndikudziwa makomo amene bambo amalandira bwino ndithu, koma ndalama imathera ku shabini ndi kwa mkazi wachiwiri wa konkuno, mayi akuphika phala lopanda shuga. Pa pepala khomolo lili pamwamba pa mlingo. Mukafunse ana. Mukafuna choonadi funsani amene amagwira mthiko, osati amene amasunga khadi la ku banki.

Aise_wa_Diepsloot
Mwayamba kutitchula mayina tsopano.

NyaKumpoto_Rosettenville
Sindinatchule munthu. Mwadzitchula nokha.

WaZiwerengero
Amayi a ku Rosettenville, pamenepo ngakhale akatswiri amavomereza kuti muyeso wawo ndi wofooka. Palinso china: mwana wa zaka ziwiri sadya ngati bambo wonyamula simenti, ndipo lendi ya chipinda siwirikiza kawiri anthu akakhala awiri. Ena amawerengera mwana ngati theka la munthu wamkulu pofuna kukonza zimenezi. Kusankha kumeneko kokha kumasintha amene akuoneka wosauka.

Koma ndibwerere kwa a mlembi, chifukwa chachikulu sindinachinene. Manambala ndatchula aja amachokera ku kafukufuku amene ulendo uliwonse amafunsa anthu atsopano. Zili ngati kujambula takisi pa renki ya Bree m'mawa ndi madzulo. Zithunzi zonse ziwiri zionetsa anthu 15, koma sizikuuzani ngati ndi omwe aja akhala m'menemo tsiku lonse kapena anatsika n'kukwera ena. Umphawi ukakhala 55 peresenti kawiri konse, kodi ndi anthu omwewo? Kuti mudziwe muyenera kutsatira anthu omwewo zaka zingapo.

Kuno anachita zimenezo ndi kafukufuku wa NIDS, woyendetsedwa ndi SALDRU ku University of Cape Town. Anayamba mu 2008 ndi anthu pafupifupi 28 000 m'makomo 7 300, n'kumawabwerera omwewo mpaka 2017, maulendo asanu. Munthu akasamuka ankamulondola komwe wapita, bola m'dziko momwemuno. Anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ndi osauka okhazikika, osatulukamo. Gulu lina limalowa ndi kutuluka. Gulu linanso lili pamwamba pa mlingo lero koma ntchito ikangotha kapena wodwala akagwa pakhomo, latsika. Okhazikika bwino, osaopa kugwa, ndi munthu mmodzi yekha pa anayi. Kwathu a NSO alinso ndi wotere, anatsatira makomo omwewo mu 2010, 2013, 2016 ndi 2019.

Ine ndikuganiza kuti ambiri mwa ife tili m'magulu apakatiwo. Mukatifunsa mu December ndife olemera, mukatifunsa mu February ndife amphawi.

Mlembi_Turffontein
Ndiye tingofunsa mamembala amene alipo lero kuti mu 2019 anali bwanji, lero ali bwanji. Si choncho?

WaZiwerengero
Pamenepo pali dzenje. Tsegulani buku la 2019 muwerenge mayina. Ndi angati amene mulibe m'buku la chaka chino, ndipo anapita kuti?

Mlembi_Turffontein
Ndatsegula. Masamba ena mayina okhwatchidwa achuluka kuposa otsala. Ena anabwerera kumudzi nthawi ya Covid, ena anadutsira ku Lindela kosungira anthu obwezedwa kwawo, ena tinawanyamula tokha m'bokosi. Ena anangosiya kuyankha foni.

WaZiwerengero
Amenewo ndiwo anatsika kwambiri. Mukafunsa otsala okha, yankho lituluka lokoma, kuti gulu lakwera, chifukwa ogwa anachoka m'buku. Ngakhale a NIDS vuto limeneli linawapeza, kungoti kwa iwo amene ankathawa kwambiri mafunso anali olemera, moti mu 2017 anachita kuwonjezera makomo ena opeza bwino kuti chithunzi chisapendekeke. Olemera sakonda kutsegula geti, akatsegulanso amachepetsa zimene amapeza. N'chifukwa chake ofufuza ena amakatenga ziwerengero za msonkho ku SARS kuti aone pamwamba penipeni.

Kabaza_Randburg
Si onse anapita kumudzi atagwa. Msuweni wanga anabwerera ndi minibasi, pano akuyendetsa Limbe–Zomba. Ameneyo anatuluka m'buku chifukwa chokwera.

MayiWaAtatu_Cosmo
Mmodzi ameneyo. Amene anabwerera ndi chikwama chokha pa mabasi a 2020 mwawawerenga?

Sisi_wa_Alex
Covid musamutchule mopepuka. Kafukufuku wa pa foni wa NIDS-CRAM anapeza kuti pakati pa February ndi April 2020 ntchito pafupifupi 3 miliyoni zinatha, ndipo anthu 47 pa 100 alionse anati kwawo ndalama yogulira chakudya inatha mu April. Amenewo ndi eni dziko, amene anali ndi pogwira. Boma linayambitsa thandizo la R350 pamwezi kwa osowa ntchito mu May 2020, imene inakwera kufika R370 mu 2024. Khoti litalamula, anaitsegulira a asailamu ndi a mapemiti apadera, koma mapemiti apaderawo anali a anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Mmalawi wa pasipoti yodutsa masiku sanaone kanthu. Tinkadya za kumpingo ndi kumzikiti.

WaZiwerengero
Mfundo imeneyo ikukhudza muyeso mwachindunji. Ndalama zothandizira ana ndi okalamba za bungwe la boma la SASSA, sukulu ndi chipatala chaulere, pamodzi ndi msonkho, zimatsitsa mpata kwambiri. Kafukufuku wa World Bank pa ziwerengero za 2010/11 anapeza kuti Gini asanawerengere zimenezi anali cha m'ma 0.77, atawerengera anatsika kufika cha m'ma 0.60. Ndiye mukamva kuti umphawi kuno unatsika, gawo lalikulu ndi ndalama za ana ndi za okalamba. Ya mwana inayamba mu 1998 pa R100, mu April 2025 inafika R560, ngakhale ikadali pansi pa R796 ya chakudya ija. Khomo la Mmalawi wopanda mapepala silikhudzidwa ndi zimenezi. Nambala ya dziko lino si nambala yathu.

Aise_wa_Diepsloot
Nanga amatiwerenga n'komwe? Ine a kalembera atabwera mu 2022 ndinatseka chitseko, ndinkayesa apolisi.

Sisi_wa_Alex
Simunali nokha. Stats SA yomweyo inavomereza kuti kalembera wa 2022 anaphonya anthu pafupifupi 31 pa 100 alionse, ndipo mayankho a malipiro anakana kuwatulutsa chifukwa sanali odalirika. Ndiye ganizani za anthu okhala m'nyumba zolandidwa za m'tauni, ngati ija inapsa ku Marshalltown mu August 2023 n'kupha anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo. Ndani anawafunsapo amenewo kuti amadya kangati pa tsiku?

Telala_Mayfair
Chabwino, koma a mlembi akayamba kufunsa malipiro, aliyense pano asanduka mphawi. Ndikukuuzani. Munthu akadziwa kuti yankho lake likweza chopereka chake, anena theka. Ngakhale ine ndinena theka.

Nachisale_Yeoville
Bola mwanena nokha.

WaZiwerengero
A telala akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake m'mayiko ngati athu ofufuza amakonda kufunsa zimene khomo lagwiritsa ntchito kusiyana ndi zimene lapeza. Wa maganyu sadziwa n'komwe zimene amapeza pamwezi, koma lendi amaidziwa. A NSO amafunsa chakudya chimene khomo ladya masiku 7 apitawa, chimodzichimodzi, ngakhale cha kumunda kwawo. A Stats SA amasiya kabuku pakhomo kuti muzilemba chilichonse mwagula.

Inu simungafike pamenepo. Mukanakhala ine ndikanafunsa zochepa zovuta kunama: lendi ndi zingati ndipo mukugona angati m'chipindamo, masiku angati pa sabata muli ndi ntchito, mwezi wathawu munagonapo ndi njala kapena kudumpha chakudya chifukwa chosowa ndalama, miyezi ingati chaka chino mwatumiza kumudzi ndipo akudya kumeneko ndi angati, muli ndi ngongole ya katapila kapena ayi. Mafunso omwewo, mawu omwewo, mwezi womwewo chaka chilichonse. Mukasintha funso kapena mwezi, kusintha kumene mudzaone kudzakhala kwa funsolo, osati kwa anthu.

Ndipo musatenge avereji. Anthu 9 olandira R4 000 ndi mmodzi wa R40 000, avereji ndi R7 600, ndalama imene palibe mwa 9 aja anaigwirapo. Ndandalikani onse kuyambira wapansi, muone amene waima pakati. Gini musiyeni, pa gulu laling'ono amalumphalumpha. Ingofanizirani kagulu kapamwamba ndi kagulu kapansi, muone ngati kuwirikiza kwake kukukula.

Gadeni_wa_Fourways
Funso la ngongole ndi lofunika kuposa onse. Pali anthu ovala bwino pagulu pano amene khadi lawo la ku banki limagona kwa mashonisa, wobwereketsa katapila. Malipiro ndi nkhani ina, chuma ndi nkhani ina. Paja amati kuno 10 peresenti ya anthu ili ndi chuma choposa 80 peresenti, ndipo theka lapansi ukaphatikiza ngongole zawo zimaposa katundu wawo.

NyaKumpoto_Rosettenville
Ine nkhawa yanga ndi bukulo. Mulembe dzina langa, kumene ndimagona, ndalama zimene ndimatumiza, anthu amene ndili nawo m'chipinda? Likagwa m'manja olakwika? Ngakhale osapita kwa apolisi, pagulu pomwe pano pali kaduka. Mawa uzimva ku tchalitchi kuti uje amatumiza zakutizakuti pomwe chopereka akuchedwa nacho.

Mlembi_Turffontein
Tikhoza kulemba opanda mayina.

WaZiwerengero
Opanda mayina simudzatha kulumikiza munthu wa chaka chino ndi yemweyo chaka chamawa, ndiye mwabwerera ku zithunzi za takisi zija. Mupatseni aliyense nambala yake yosasintha. Pepala la mayankho likhale ndi nambala yokha, pepala lolumikiza nambala ndi dzina lisungidwe ndi munthu wina amene saona mayankho. Adiresi ndi za mapepala musafunse n'komwe.

Tchona_wa_Tembisa
Ine ndikukana za kulipiritsa mosiyana, muyeze musayeze. Bokosi ndi limodzi, mtunda wa ku Mwanza ndi umodzi. Mukayamba kuti uyu R100 uyu R200, wa R200 adzafuna mawu awiri pa msonkhano, ndipo wa R100 adzayamba kukhala kumbuyo. Ndaona mabungwe akutha chifukwa cha zimenezi. Kwezani pang'ono kwa onse, koma amene ntchito yamuthera mumupatse miyezi yopuma osamufufuta.

Sisi_wa_Alex
Madala, R150 kwa wolandira R3 000 ndi 5 peresenti ya malipiro ake. Kwa wa R15 000 ndi 1 peresenti. Kufanana kwake kuli pati?

Tchona_wa_Tembisa
Kuli pa manda, mwana wanga. Koma miyezi yopumayo ndi imene ingasunge anthu m'buku. Amene a mlembi akuti anangosiya kuyankha foni, ambiri anathawa manyazi a ngongole.

WaZiwerengero
Apa madala atsegula china. A mlembi, za 2019 simungazifunse lero, anthu amakumbukira mokomera mkangano umene ali nawo. Koma buku lanulo mwalipeputsa. Ndi anthu omwewo, mwezi ndi mwezi, kuyambira 2019. Werengani kuti membala aliyense anachedwa miyezi ingati chaka chilichonse. Muone ngati ochedwa ndi omwewo zaka zonse kapena amasinthana, ngati kuchedwa kwa 2020 kunatha kapena kunakhazikika, ndiponso ngati amene anakhwatchidwa anayamba achedwa kaye miyezi ingapo. Ngati ndi omwewo chaka ndi chaka, a Sisi ali ndi mfundo, pali gulu lokhazikika pansi. Ngati amasinthana, njira ya madala ya miyezi yopuma ikukwanira.

MayiWaAtatu_Cosmo
Koma musamale. Ochedwa ena si osauka, ndi ouma manja. Pali wina amabwera ku msonkhano pa galimoto ya mawilo onyezimira, ngongole miyezi yosawerengeka, pomwe amayi ogulitsa zitumbuwa pa renki sanaphonyepo.

Telala_Mayfair
Galimoto yanga mawilo ake ndi akuda, ndisanamiziridwe.

Mlembi_Turffontein
Ndamva. Ndiyamba ndi bukuli sabata ino, ndipo ochedwa mwadala ndiwaika chizindikiro chawo, ndimawadziwa. Mafunso aja ndikawapereka ku komiti Lamlungu tikatuluka m'mapemphero. Okhwatchidwa amene manambala awo a kumudzi alipo ndikufuna ndiwaimbire, ndimve ngati anabwerera ndi minibasi kapena ndi chikwama. A Gadeni, funso la odya kumudzi ndiliika, koma sindikudziwa ngati komiti ivomere kuti munthu wodyetsa anthu asanu ku Mzimba awerengedwe mosiyana ndi mbeta yolandira zofanana naye.

Gadeni_wa_Fourways
Akakana mundiitane ndidzadzilankhulire ndekha.

Aise_wa_Diepsloot
Nanga mayunitsi oimbira ku Malawi anthu onsewo achokera m'thumba la bungwe kapena la a mlembi? Tidziwiretu, tisadzamve kuti chopereka chakwera chifukwa cha kafukufuku.